Ndinati Akupempha Sopo

Zimene ndikufuna kukuuzani panozi zinachitikadi, sindikuthira nsinjiro ngakhale pang'ono, ndipo aliyense amene tinaphunzira naye pa sekondale yoyendera ija ya kufupi ndi Limbuli akangowerenga mizere iwiri adziwa chaka chimene ndikunena, ngakhale sinditchula dzina la munthu. Mbali imodzi ya nkhaniyi anthu akwathu amaidziwa kale, chifukwa mpaka lero mukangotchula zoti ana a sukulu apite kunja kwa dziko, makolo amayamba kukumbutsana za mtsikana amene anatsala pang'ono kupita ndi madzi ku Mozambiki. Mbali inayo ndi imene ndinaibisa zaka zoposa makumi awiri, ndipo ndikamailemba chonchi manyazi akundigwira ngakhale m'nyumba muno ndili ndekha.

Ndiyambe ndi kukuuzani kuti ine ndine Mlomwe, kwa mayi ndi kwa bambo komwe. Lero zimenezi ndimazinena mosavuta, poti masiku ano anthu akuvina tchopa dzuwa likuswa mtengo, koma nthawi yathu ija sizinali choncho kwa mwana wa sukulu. Mayi anga ankathyola tiyi ku esiteti, ndipo kunyumba kwathu chilichonse chinkachitika m'Chilomwe, kaya ndi kupemphera, kutumana, kukalipirana, zonse. Tsiku lina ndili ku pulayimale mayi anandilondola kusukulu ndi kope limene ndinaiwala, anaima pawindo dengu la tiyi lili kumsana n'kundiitana m'chilankhulo chathucho, ndipo kalasi yonse inafa nalo phwete. Chaka chonse ana ankayeserera mawu a mayi anga ndikamadutsa, n'kumanditchula dzina lonyoza lija limene sindikufuna kulilemba pano. Kuchokera tsiku limenelo ndinatseka pakamwa. Mayi akandilankhula m'Chilomwe ndinkawayankha m'Chichewa, ndipo nditafika ku sekondale ndinauza anzanga kuti kwathu kwenikweni ndi ku Limbe, kuno tinangobwera ndi ntchito ya bambo. Limbe yake iti, munthu woti ndinali ndisanadutsepo n'komwe pa Nkando?

Tili Fomu 3 kunabwera aphunzitsi ena ochokera m'chigawo chapakati, munthu wamtali, wofatsa, amene ankayenda pa njinga yopanda mabuleki n'kumaiimitsa ndi chidendene. Iwowa ankadziwa Chipwitikizi, akuti anachiphunzira ali mnyamata kwa anthu othawa nkhondo amene anakhala m'mudzi mwawo, koma Chilomwe sankamva ngakhale moni. Anayambitsa kalabu ya Chipwitikizi Lachitatu lililonse masana, ndipo ankakonda kutiseka kuti ndife anthu odabwitsa, dziko lina lili pamphuno pathu pomwepa, chimanga ndi nsomba zouma timadya za komweko, koma tikangowoloka mlatho wa Muloza sitingathe kupempha ngakhale madzi akumwa. Atagwirizana ndi sukulu ina ya kumapiri a ku Gurue, ku Mozambiki, kuti tikakhale kumeneko sabata imodzi pa tchuthi cha Disembala, makolo ambiri anakana, akuti ana akasowa. Aphunzitsiwo anayenda khomo ndi khomo pa njinga yawo ija, akulonjeza kholo lililonse kuti mwana adzam'bweza ali wathunthu monga anam'tengera.

Mayi anga okha ndi amene sanafune kunyengereredwa. Anasangalala ngati akupita ndi iwo, chifukwa agogo awo anachokera mbali yomweyo, ndipo anayamba kunditchulira mayina a midzi ndi mitsinje, akuti ndikafunse ngati anthu a mtundu wathu adakalipo. Ndinawadula mawu n'kuwauza kuti ife tikupita kukaphunzira chilankhulo cha anthu ophunzira, osati kukasaka achibale m'matchire. M'mawa wa ulendo anandimangira kamba wa chinangwa ndi kalongonda, nyemba zathu zija zimene anaziphika tsiku lathunthu, ndipo ine titafika pa Muloza, anzanga ali pamzere wodinditsa zikalata, ndinazemba n'kukapatsa phukusilo bambo wina wa kabaza kuti wina asaone chimene chinali m'katimo.

Ndisanafike pa zoopsazo ndinene chilungamo, ulendo umene uja unali wabwino, ndipo amene amati unalibe phindu ndi amene sanapiteko. Tinalipo ana khumi ndi asanu ndi atatu, anatigawa awiriawiri m'mabanja a kumeneko, ndipo lamulo linali lakuti Chichewa chizitsala pachipata. M'mawa woyamba mayi a nyumba imene tinafikira anatituma buledi kumsika popanda wotiperekeza. Mukudziwa kuti mawu amene wakhala ukuwaloweza pa bolodi miyezi isanu ndi umodzi osalowa m'mutu, amalowa tsiku limodzi ukaima ndi njala pamaso pa wogulitsa amene sakukumva? Pofika tsiku lachitatu tinkatha kunenerera mtengo, kufunsa njira tikasochera, ngakhale kukangana ndi ana a kumeneko pa nkhani ya mpira. Chipwitikizi chathu chinali chothyokathyoka, ankatiseka, ifenso n'kumaseka nawo, ndipo mantha olakwitsa aja anangotha okha. Panali mtsikana wina wamanyazi woti m'kalasi sankakweza dzanja chaka chonse, koma kumeneko ndi amene anaimirira kuthokoza m'malo mwa tonsefe, ndipo lero ndi amene amathandiza amalonda kuwolotsa katundu pamalire. Tinaonanso kuti anthu amene tinkangowadziwa monga obwera ndi matumba pa njinga pamsika wa Limbuli ali ndi masukulu awo, nyimbo zawo, ndi ana ofuna kudzakhala madokotala ngati ife tomwe.

Ine anandiphatikiza ndi mnzanga wapamtima, mwana wa bambo wina wa golosale pa Nkando koma ankakhala kwa achibale kufupi ndi sukulu, mtsikana wapakamwa, waliwiro, amene ankasewera pakati mu timu ya ntchemberembaye ya sukulu yathu ndipo ankalota zodzalowa usilikali. Pa nkhani yonyoza Alomwe panalibe womuposa, ankatha kuyeserera kalankhulidwe ka amayi a ku esiteti mpaka anthu kugwira nthiti, ndipo ine ndinkaseka mokweza kuposa onse. Tsono vuto linali lakuti kumene tinapitako Chipwitikizi chinali cha kusukulu ndi kumsika, koma kuseri kwa nyumba anthu ankalankhula chilankhulo cha mayi anga chenicheni. Eni nyumba ankatikambirana tili pomwepo, akuti wamfupiyu akudya pang'ono ngati wodwala ndipo nkhope yake ikuoneka ya kuno konkuno, ine n'kumangoyang'ana m'mbale ngati gonthi, kuopa kuti ndingamwetulire pamalo olakwika.

Loweruka, tsiku loti mawa lake tibwerera, anatitengera ku mtsinje wina wotsika m'phiri kuti tikasambe ndi kudyera komweko. Mphunzitsi wa kumeneko amene ankayenda nafe anatisiya pamtsinjepo n'kubwerera ndi galimoto kukatenga chakudya, ndiye wamkulu anatsala ndi aphunzitsi athu okha. Kunali cha m'ma 11 koloko, dzuwa likuwotcha, kumwamba kuli mbee, ndipo malowo anali m'chigwa chakuya moti nsonga ya phiri sinkaoneka. Madzi anali oyera, ofika m'mawondo, akudutsa pakati pa miyala ikuluikulu yosalala. Pa mwala wina panali mayi ena achikulirepo akuchapa, ndipo chimene ndinaona poyamba n'chakuti ankalonga zovala m'beseni mwaphuma, zina zikadali ndi thovu, zosatsukuluza.

Atationa tikuvula nsapato anasiya beseni n'kubwera akukuwa, akukupiza manja, kachidutswa ka sopo kali m'dzanja. Ndikuuzeni zimene ananena, chifukwa ndinamva liwu lililonse ngati akulankhula ndi mayi anga. Anati tisalowe m'madzimo, tikwere kumtunda msanga, madzi azizira mwadzidzidzi ndipo akubwera ndi masamba aawisi, kutanthauza kuti kuphiri yagwa mvula yambiri, ndipo mtsinje umenewu umadya anthu dzuwa likuwala. Aphunzitsi athu anayesa kuwalankhula m'Chipwitikizi, koma mayiwo sankachidziwa, anayesa Chichewa, osaphulanso kanthu. Ndiye anatembenukira kwa ife n'kufunsa ngati pali wina amene akumva zimene mayiwa akunena. Tonse tinangoti zii. Mayi aja anatiyang'ana mmodzimmodzi, maso awo n'kudzaima pa ine, ndipo anandigwira pamkono ndi dzanja lawo lonyowa n'kunena kuti ineyo ndikuwamva, nkhope yanga yanena, ndiuze mkuluyu achotse ana.

Pamenepo ndi pamene mnzanga uja anaseka n'kundifunsa mokweza ngati ndapeza azakhali anga, anyamata n'kuyamba kukuwiza. Abale anga, ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, sindinali khanda, ndiponso ndine mwana wa ku Mulanje, ndinakula ndikuona mitsinje ya Lichenya ndi Muloza ikudzaza kumudzi kusanagwe ngakhale dontho. Ndinkadziwa kuti mayiwo sakunama. Koma m'mutu mwanga munangodzaza phwete la pawindo lija, ndipo ndinasolola mkono wanga n'kuuza aphunzitsi kuti sindikumva, koma mwina akupempha sopo poti wawo watha, komanso akudandaula kuti tiwadetsera madzi. Mukuona mmene bodza langa linalili laluso? Linafotokoza zonse, kukuwa kuja, manja aja, ndi kachidutswa kaja. Aphunzitsi, ndi mtima wawo wabwino, anatsegula chikwama n'kutulutsa sopo wawo wosambira watsopano, n'kumupereka ndi manja awiri. Mayi aja anayang'ana sopoyo, anayang'ana ine, anamuika pa mwala, kenako anasenza beseni lawo n'kukwera mtunda chothamanga, ana akuseka kuti mwina ankafuna wochapira. Aphunzitsi anati titsikire kumunsi pang'ono kuti tisasokoneze malo a anthu ochapa, ndipo kumunsiko n'kumene mtsinje unkapanikizika pakati pa makoma awiri a miyala.

Tsono ndikafika apa ndi pamene ndimalakalaka nditalowa pansi. Ine sindinalowe m'madzi. Ndinati m'mimba mukundipota, n'kukakhala pamalo okwera, nsapato zili kuphazi, maso ali kumtunda kwa mtsinje. Ndinadzipulumutsa ndekha, anzanga n'kuwasiya. Ndinkadziuza kuti ndikaona madzi akusintha ndikuwa, mwinanso mayi aja angokokomeza, mwinanso galimoto ya chakudya ifika msanga anthu atuluke okha. Munthu ukafuna kudzinamiza zifukwa sizisowa. Mnzanga uja ndiye anali woyamba kudumphira, anawoloka mpaka pa mwala waukulu wa pakati n'kuimirira pamenepo akuvina, akundinena kuti ana a ku Limbe amaopa madzi.

Sipanathe mphindi makumi awiri. Choyamba chinali kamphepo kozizira konunkha dothi, kenako mkokomo ngati lole yodzaza miyala ikudutsa pa mlatho, ndipo madzi anatulukira pokhota paja, ofiira, otalika kuposa munthu, atasenza mitengo ndi mizu yake yomwe. Zija ndinkati ndikuwa, mawu sanatuluke. Amene anali m'mbali anakwawira kumtunda, aphunzitsi anadumphira m'madzi ndi zovala zomwe n'kukoka atsikana awiri, wina pamkono, wina ndi malaya. Mnzanga anatsala yekha pa mwala paja. Ndinamuona madzi akum'fika m'mawondo, atatambasula manja kuti asagwe, ndipo maso ake sanali pa aphunzitsi, anali pa ine. Kenako chipika chinam'menya m'miyendo ndipo anasowa. Ndinathamanga m'mbali mwa mtsinje ndikugwa ndikudzuka, minga ikundikala, mpaka ndinaona mutu wake m'nthambi za mtengo umene unagwera m'madzi, ukumira ukutuluka, mwendo utapanikizika pansi.

Pamenepo pakamwa panga panatseguka pokha, ndipo chimene chinatuluka si Chipwitikizi chimene tinapitira, si Chingerezi, si Chichewa. Ndinakuwa m'Chilomwe ndi mawu anga onse kuti anthu abwere, mwana wapita ndi madzi, abwere ndi zingwe. Koma anthuwo anali akutsika kale. Mayi aja, amene ine ndinawasandutsa opemphapempha, sanapite kwawo ayi, anathamangira kumunda kukaitana azibambo atatu amene ankapalira chimanga. Chingwe panalibe, ndiye anakhuthula beseni lija n'kulumikiza zochapa zawo zonyowa, zitenje ndi nsalu zoyala pabedi, bambo mmodzi anadzimanga m'chiuno n'kulowa, enafe tikukoka. Womasulira pakati pa azibambowo ndi aphunzitsi ndinali ine, uku Chilomwe uku Chichewa, osakakamira liwu ndi limodzi lomwe. Atam'tulutsa anali atayera milomo, akusanza matope, mwendo wakumanzere utapindikira kumene mwendo supindikira. Mayi aja anam'funditsa chitenje chawo cha m'chiuno, kenako anadzuka n'kuima patsogolo panga. Ndinkayembekeza mbama, ndipo zikanakhala bwino akanandimenyadi. Anangonena kuti kani pakamwa ndili napo, n'kuyamba kutola nsalu zawo.

Titabwerera kwathu, mnzanga ali m'chipatala, kunaitanidwa msonkhano wa makolo ndipo ife a kalabu anatikhazika kutsogolo. Anthu anawalalatira aphunzitsi aja ngati mwana, bambo a mnzanga akuwakumbutsa lonjezo lija la kubweza mwana wathunthu. Mkulu wina wa komiti anafunsa ngati pamtsinjepo panalibe munthu wa komweko wowachenjeza. Ndinadziwa kuti zanga zada, chifukwa aphunzitsi anandimva ndi makutu awo ndikumasulira pokoka nsalu paja, ndipo munthu wanzeru ngati iwo sakanalephera kuzindikira chimene chinachitika. Anaimirira n'kunena kuti analipo mayi ena amene analankhula, koma iwo monga wamkulu sanamve ndipo sanadikire wowamasulira, choncho mlandu wonse ndi wawo, ana asafunsidwe kanthu. Sanandiyang'ane n'komwe. Kodi chinandiletsa n'chiyani kuimirira? Miyendo ndinali nayo, pakamwa, monga ananenera mayi aja, ndinali napo. Ndinangokhala n'kumayang'ana nyerere zikudutsa pansi. Kalabu inatsekedwa, teremu yotsatira aphunzitsiwo anasamuka, ndipo ndinadzamva patapita zaka kuti anamwalira kwawo, ine ndisanawapepese.

Tikuchokera kumsonkhanoko, m'kanjira ka m'munda wa tiyi, mayi anga anandifunsa kuti mayi a pamtsinjewo ankalankhula chilankhulo chanji. Ndinati sindikudziwa. Anaima, anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kupitiriza ulendo, ndipo sanadzandifunsenso. Mnzanga anachira koma mwendo unafupika, za mpira ndi usilikali zinathera pomwepo, anaphunzira kusoka ndipo ali ndi makina ake pakhonde la sitolo pa Nkando. Ubwenzi wathu unangozilala wokha, ndikamadutsa pamenepo ndinkayang'ana kumbali. Ine lero ndimagwira ntchito pa chipatala china chaching'ono cha kufupi ndi malire, ndipo chimene anandilembera ntchitoyo n'chakuti odwala ochokera kutsidya ndimawamva m'Chipwitikizi ndi m'Chilomwe momwe. Tangoganizani, ndikudyera chilankhulo chimene ndinachikana, ndi chinanso chimene anandiphunzitsa munthu amene ndinam'siya akunyozedwa.

Chaka chatha sukulu ya mwana wanga wamkazi inaganiza zotengera ana ku Mozambiki komweko, ndipo pamsonkhano bambo wina wachikulire anaimirira n'kukumbutsa anthu za mphunzitsi wosasamala amene anatsala pang'ono kukamiza mwana wa eni. Anthu anavomereza, ndipo ine, mayi wamkulu wa ana atatu, ndinakhalanso chete ngati kale lija. Kunyumba chakudya chinandikanika, ndipo m'mawa mwake ndinakwera minibasi yodzera pa Nkando.

Mnzanga uja ndinam'peza akusoka yunifolomu, akupalasa makina ndi mwendo wabwinowo. Ndinakhala pa benchi n'kumuuza zonse, za Limbe, za kalongonda, za sopo, za m'mimba mwabodza muja, ndikulira anthu akudutsa. Sanasiye kusoka mpaka anamaliza mpendero, kenako anadula ulusi ndi mano n'kundifunsa, m'Chilomwe chosalala kuposa changa, ngati ndikuganiza kuti pamtsinje paja wamakutu ndinali ndekha. Anati iye analeredwa ndi agogo ake mpaka zaka zisanu ndi ziwiri, Chichewa anakachiphunzirira kusukulu, ndipo ankanyoza kwambiri n'cholinga choti anthu asamuganizire. Za masamba aawisi anazimva, za mtsinje wodya anthu anazimva, ndipo mayi aja atagwira mkono wanga iye anaseka chifukwa choopa kuti akasiya wanga agwira wake. Anathamangira pa mwala wa pakati kuti aliyense aone kuti iye sanamve kanthu. Kenako anandiuza kuti ndikumbukire bwino amene sanalowe m'madzi tsiku lija, kapena amene ankangosewera m'mbali maso ali kumtunda. Tinayamba kukumbutsana, uyu anati ali ndi chilonda, uyu anati akulondera zikwama, uyu anati madzi akuzizira, mpaka akumva Chilomwe tinakwana asanu ndi awiri kuphatikiza ife awiri. Tonse tinamva, ndipo palibe anauza mnzake.

Ndinkaganiza kuti mawu amenewa andipeputsa mtima, koma ayi ndithu, chifukwa ongokhala chete analipo ambiri, koma wa sopo ndinali ine. Mnzangayo anati za mwendo wake ndisadandaule, anauthyola yekha ndi matama ake, koma dzina la aphunzitsi aja tinaliipitsa tonse, ndipo likuipitsidwabe iwo ali m'manda.

Msonkhano wotsatira tinapita limodzi, iye akutsimphina patsogolo ine pambuyo, ndipo ndinaimirira pamaso pa makolo, mwana wanga ndi mayi anga okalambawo ali pomwepo, n'kunena zimene ndalemba panozi. Sindikunamizani kuti anthu anawomba m'manja. Bambo wachikulire uja anati ndine mfiti yoyenda masana, ndipo ena mpaka lero tikakumana pamsika amachita ngati sanandione. Tikutuluka, mayi anga anangonena m'Chilomwe kuti ndachedwa, ndipo kanali koyamba kuwayankha m'chilankhulo chomwecho anthu akumva. Mwana wanga anandifunsa tili kunyumba chifukwa chimene iye sindinam'phunzitsire chilankhulo cha agogo ake. Ulendo wawo unavomerezedwa, anapita, anabwerako onse ali athunthu, ndipo wangayo pano amandikonza ndikalakwitsa Chipwitikizi.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti ulendo uja sunalakwe, ndipo aphunzitsi aja anasenza mlandu wa mwana amene sanayenere chifundo chawo. Ana aloleni apite akaone maiko a eni, akasochere pamsika, akaphunzire kupempha madzi m'chilankhulo china, amabwerako atatseguka mitu, ine ndine mboni. Koma musanasaine chikalata choti mwana akaphunzire chilankhulo cha kutali, mufufuze ngati sakuchita manyazi ndi chimene mumalankhula kukhitchini kwanu. Ndipo inu amene mumaseka mwana chifukwa cha kalankhulidwe ka mayi ake, dziwani kuti mukum'phunzitsa kutseka pakamwa, ndipo angadzatseke pa tsiku limene ali m'madzi ndi mwana wanu. Inunso achinyamata, munthu wamkulu akamakukuwirani pamtsinje, tulukani kaye, zomasulirazo mukafunsire pamtunda.

Ndawolokapo kawiri kukafunafuna mayi aja, koma ndikafunse kuti ndikufuna yani, poti ngakhale dzina lawo sindinalifunse? Mayi aliyense wachikulire akalowa pachipatala pathu kuchokera kutsidya ndimamuyang'anitsitsa kumaso, mawu opepesa ali okonzeka pakamwa, koma mpaka lero sanabwere. Sanatipemphe kanthu mayi aja. Ngakhale sopo wathu uja anamusiya pa mwala, madzi n'kumutenga.